Kalata yoyamikira ogwira ntchito ku Volo Bog, dambo lotetezedwa la ku Illinois

Okondedwa a ku Volo Bog State Natural Area,

Ndinabwera kwanuko mtima uli m'mwamba. Mayi anga anachokera ku Zomba kudzationa kuno ku Chicago, ndipo mawondo amawavuta. Malo awiri amene tinayesako poyamba anatigwetsa ulesi. Kwina foni inkangoitana osayankhidwa. Kwinako anatituma khomo ili ndi ilo, kenaka munthu wa pa desiki anatiyankha maso ali pa kompyuta, ngati tabwera kudzapempha ngongole. Mayi anangoti, "Tiyeni kunyumba, mwanangu, tisavutitse anthu."

Ndiye polowa m'khola lakale la ng'ombe lija limene munalisandutsa nyumba yolandirira alendo, ndinali nditakonzekera kubwezedwa.

Koma mayi wina wogwira ntchito pamenepo anaimirira, n'kuwakokera mayi anga mpando ndisanapemphe n'komwe. Anawapatsa moni iwowo poyamba, osati ine wodziwa Chingerezi. Pa kanjira kamatabwa koyandama kaja anayenda nafe pang'onopang'ono, akuima mayi akaima, osayang'ana wotchi ngakhale kamodzi. Matabwa atagwedera, mayi anagwira dzanja lake, ndipo iye sanalichotse mpaka tinafika pa dziwe la pakati.

Iye akulankhula, ine ndikumasulira. Anati zaka zikwi zambiri zapitazo chimulu cha madzi oundana chinatsalira m'nthaka, chitasungunuka panatsala nyanja yakuya, ndipo ndere za sphagnum zakhala zikuiphimba kuchokera m'mbali. Pansi pamene paoneka ngati nthaka n'chimphasa cha zomera chili pamwamba pa madzi. Anagwada n'kuwaonetsa mayi chomera chonga kamtsuko chimene chimakola tizilombo chifukwa madzi a pamenepo ndi owawasa, alibe chakudya chokwanira. Anatichenjeza kuti tisakhudze chitsamba cha poison sumac, chimayabwa koopsa. Mitengo ya tamarack inali itasanduka yachikasu, pafupi kuyoyola masamba ake onga singano. Chapatali mbalame za sandhill crane zinkalira.

Mayi anakulira pafupi ndi madambo a nyanja ya Chilwa, koma anati dambo logwedezeka sanalionepo. Anafotokoza za mlulu ndi matemba a kwathu, ndipo mayi uja anamvetsera mpaka kumapeto, akufunsanso mafunso.

Ena amene amalandira alendo m'maofesi akanabwera kudzaona mmene amachitira mnzawoyu. Dzina lake sindilemba pano, koma mukumudziwa. Mumuuze kuti agogo a chitenje chobiriwira aja anafika bwino ku Zomba, ndipo pa foni amamufunsabe.

Ine wanu woyamikira,
Mlendo wa ku Chicago