Zimene mizere ya m'thunthu la paini imanena

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi ana. Unafunsa ngati n'zoona kuti mtengo umasunga mbiri ya nyengo. N'zoona ndithu, koma kuwerenga kwake kumafuna nzeru.

Paini wa kumapiri ozizira amawonjezera mzere umodzi wozungulira chaka chilichonse, pansi pa khungwa. Kunja kukayamba kufunda amapanga thabwa loyera la maselo akuluakulu. Nyengo yokula ikamatha maselo amachepa, thabwa n'kulimba n'kudera. Kuderako ndiye malire a chaka. Chaka chabwino mzere umanenepa, choipa umaonda.

Nanga choipacho n'chiti? Pagona nkhani m'pamenepa. Paini wa m'munsi mwa phiri, kouma, amavutika ndi ludzu, ndiye mzere wake woonda ukunena za chilala. Mnzake wa pamwamba, kumene nkhalango imathera, chimamupinga kwambiri ndi chisanu, chifukwa miyezi yokulira ndi yochepa. Iyeyu akaonda ndiye kuti kunazizira. Chaka chotentha chikhoza kunenepetsa wa pamwamba uku chikufooketsa wa m'munsi, paphiri limodzi lomwelo! N'chifukwa chake sindikhulupirira munthu wongoyang'ana chitsa chimodzi n'kuyamba kulongosola za mvula yamakedzana.

Kumapiri a White Mountains ku California, ku America, kuli paini wotchedwa bristlecone. Mu 1957 wofufuza wina, Edmund Schulman, anapezako mtengo umene lero uli ndi zaka zoposa 4,800, ukadali moyo. Kafukufuku wa mu 2009 anasonyeza kuti mitengo yotere ya pamwamba penipeni inakula mofulumira pakati pa 1951 ndi 2000 kuposa zaka 50 zina zilizonse m'zaka 3,700 zapitazo, pomwe ya m'munsi sinatero. Ofufuzawo analoza kutentha.

Usade nkhawa, nthawi zambiri sadula mitengo ayi. Amabowola ndi chida chotulutsa kamtengo kochepa ngati pensulo. Vuto n'lakuti chaka chikavuta zedi mtengo ukhoza osapanga mzere mbali ina, choncho kuwerenga kokha kumanamiza. A. E. Douglass, amene anakhazikitsa labotale ya ntchitoyi ku University of Arizona mu 1937, ankafananiza mitengo yambiri mpaka mizere yonenepa ndi yoonda itagwirizana chaka ndi chaka. Iye anali katswiri wa zakuthambo, ankafuna kuona ngati madontho akuda amene amaoneka padzuwa amakhudza nyengo.

Undiuze ngati kumeneko kuli paini wa m'mapiri, ndipo wamera pamwamba bwanji. Moni kwa onse.

Ndine mnzako.