Ziphuphu zamulanda mtendere mwana wanga, ndiyambire pati?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimagulitsa kaunjika pamsika. Ndalemba chifukwa cha mwana wanga wachisamba, mtsikana wa zaka 17 amene ali Fomu 4 ndipo akuyembekezera kulemba mayeso a MSCE.

Ziphuphu zinamuyamba ali Fomu 1, tating'onoting'ono pachipumi. Pano zafalikira m'masaya, pachibwano mpaka kumsana. Zina n'zazikulu, zamafinya, zopweteka, ndipo zikaphwa zimasiya zipsera zakuda zosatha msanga. Azakhali ake anamugulira mafuta oyeretsa khungu aja a pamsika. Nkhope inasalala kwa kanthawi, kenako ziphuphu zinabwerera mwaukali kuposa kale. Titapita kuchipatala, adokotala anatiuza kuti mafuta ambiri otere amakhala ndi ma steroid monga clobetasol kapena betamethasone, omwe amapepusa khungu n'kuyambitsa ziphuphu zina. Anamupatsa benzoyl peroxide wopaka ndi mapiritsi a doxycycline, n'kutiuza kuti tipirire miyezi iwiri kapena itatu kuti kusintha kuoneke.

Za khunguzo tikutsatira. Chimene chikundisowetsa tulo ndi mmene mtima wake wasinthira. Mwanayu anali wa kwaya kutchalitchi, ankasewera netibo, pakhomo pano kuseka kwake kunkamveka mpaka kwa aneba. Lero amangodzitsekera kuchipinda. Galasi analiphimba ndi chitenje, zithunzi zake zonse anazichotsa pa WhatsApp, nsima amangoigwira pang'ono n'kusamba m'manja. Masiku ena amavala yunifolomu n'kukhala pabedi osatuluka. Mng'ono wake ndi amene anandiululira kuti kusukulu anyamata amamutchula chinanazi. Usiku amafinya ziphuphuzo mpaka kutuluka magazi, ngakhale akudziwa kuti n'zimene zikuchulukitsa zipsera. Adokotala aja ananenanso kuti nkhawa payokha imakolezera ziphuphu, chifukwa thupi likapanikizika limatulutsa mahomoni owonjezera mafuta a pakhungu. Ndiye onani: ziphuphu zikumudetsa nkhawa, nkhawayo ikubweretsa ziphuphu zina.

Posachedwapa ndikumulimbikitsa kuti adye, anandiyankha kuti, “Amayi, ndatopa ine, bola ndingogona osadzukanso.” Mawu amenewa sakundichoka m'mutu. Timamva pawailesi za achinyamata odzichotsa moyo, ndipo makolo awo amati sanaone chizindikiro chilichonse. Ine chizindikiro ndachiona.

Bambo ake akuti akungodzimvera chisoni, ziphuphu sizinaphepo munthu. Achibale aliyense ali ndi zake: wina akuti ndi magazi oipa, wina akuti asiye mtedza ndi zibwente zamafuta, wina akuti zidzatha akadzakwatiwa. Enanso amanong'onezana kuti mwina ali ndi kachirombo, zomwe zinamufika m'makutu. Palibe amene amamufunsa mmene akumvera. Kwa ine, mwana amene wasiya kudya, kugona bwino ndi kucheza ndi anzake ndi wodwala, kaya chayambitsa n'chaching'ono m'maso mwa ena.

Ndikudziwa kuti thandizo la matenda a maganizo lilipo, monga ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma nditangoyerekeza kumuuza zokaonana ndi aphungu, analira n'kundifunsa kuti, “Ndiye mwayamba kundiyesa wamisala?” Akuopa kuti anzake akamva, adzamuwonjezera dzina lina pamwamba pa lomwe alinalo kale.

Pali nkhani inanso. Adokotala anatchula mankhwala amphamvu otchedwa isotretinoin, omwe amaperekedwa ziphuphu zikakanika ndi mankhwala enawa. Anachenjeza kuti amapundula mwana wosabadwa ngati womwayo atatenga pakati, komanso kuti womwayo amafunika kumuyang'anitsitsa chifukwa ena maganizo awo amasokonezeka. Nanga wanga amene mtima wake wasweka kale, n'zoyenera kumuyandikiza ku mankhwala otere? Komanso ndimaganiza kuti mwina khungu likachira ndiye kuti nayenso adzadzuka.

Ndithandizeni, Alangizi. Ndiyambe ndi khungu kapena maganizo, kapena zonse ziyendere limodzi? Kodi ndimufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipweteka, kapena kufunsako kungamuike maganizowo m'mutu? Ndilankhule naye bwanji kuti avomere kukaonana ndi aphungu osaona ngati ndikumunyoza? Ndikufunanso kukadandaula kwa ahedi za anyamata omuseka aja, koma iye akukana, akuti zidzangoipiraipira. Ndipo bambo akewa ndiwauze motani kuti amvetse? Mayeso akuyandikira, koma ine ndingalole alembe chaka chamawa, bola akhale bwino. Chonde ndiyankheni msanga.

Ndine,
Mayi wodandaula, Balaka