Kambalame kakoko ndi ndani?

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako inafika Lachiwiri pamodzi ndi mafuta odzola aja, zikomo. Koma chilandirireni sindikugona chifukwa cha kamzere kamodzi kamene unalemba m'Chingerezi, kakuti "a little bird told me" kuti mwana wanga wapeza banja. Zaka zisanu zokha ku Manchester, wayamba kale kucheza ndi mbalame?

Ndinapita nayo kwa aphunzitsi opuma aja a kuseri kwa tchalitchi. Anavala magalasi, anawerenga kawiri, kenaka n'kuseka. Akuti Angerezi amatero akamamudziwa bwinobwino amene wawatsina khutu koma sakufuna kumutchula. Mphekesera wamba ili ndi mawu akeake, "I heard it through the grapevine", ija ife timati ndamva m'maluwa, nkhani yoti yadutsa pakamwa pambiri mpaka woiyambitsa sadziwikanso. Koma kambalameka ndi munthu mmodzi, ali ndi dzina, ndipo iwe ukumudziwa. Anandisonyezanso Mlaliki 10:20, paja pamaletsa kutemberera mfumu ngakhale mumtima, kapena wolemera kuchipinda kwako, poti mbalame idzanyamula mawuwo. Ambiri amati mawu a kambalamewa anachokera pamenepo. Anatinso kumeneko amawanena mocheza, pa nkhani zokoma ngati ya tsiku lobadwa, makamaka kwa ana.

Kumeneko mwina n'zocheza, koma kuno zandilasa mtima. Nkhaniyi tinakambirana anthu atatu basi, pakhonde, usiku magetsi atazima: ine, mchemwali wanga ndi achimwene, monga malume ake a mwana. Bambo ake sanauzidwe. Ankhoswe sanakumane. Ndiye yawoloka bwanji nyanja isanafike ngakhale kuchipinda kwanga? Bambo akewo akaimva kwina, ndidzawayang'ana ndi maso ati?

Lamulungu kutchalitchi ulaliki sindinaumve, ndimangoyang'ana nkhope za anthu. Mlamu wako anandigwira dzanja nthawi yaitali akumwetulira, mtima wanga phaa! Mchemwali wanga sindinamuyankhule masiku atatu. Dzulo anabwera ndi kambale kudzapempha mchere, ndinamupatsa nditayang'ana kumbali, iye n'kubwerera mwakachetechete. Mwina n'ngosalakwa. Taona zimene kambalame kako kachita pakati pa ana a mimba imodzi.

Agogo anagonekedwa m'chipatala sabata yatha, atuluka koma miyendo ikutupabe. Denga la kukhitchini likudontha palipaja, ndipo nkhuku za oyandikana nawo zamaliza mpiru wanga wonse.

Iwe ndi ine tinasenzera limodzi mitolo ya nkhuni, sitinabisiranepo kanthu. Chingerezi chako sunga cha kuntchito, ine undiuze dzina. Sindikamukalipira, ndikungofuna ndidziwe woti ndimupepese ndi woti ndisamakambe naye za m'nyumba. Ndipo usandiyankhe pa WhatsApp ndi kachithunzi ka mbalame, ndikukudziwa iwe.

Pepala landithera. Za mnyamatayo, kwawo ndi ku Dedza, ntchito ali nayo, koma chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti amayi ake