Njinga yako ya waya yabwerako yopanda teyala lakumbuyo

Mzuzu, Lamlungu madzulo

Mwanawe,

Muli bwanji kumeneko ku Chikwawa? Amayi ako andiuza pa foni kuti dzino lako lakutsogolo lija lachoka, ndiponso kuti m'mawa uliwonse ukumafunsa ngati malume atsika ku mapiri. Ndatsika dzulo. Mafupa onse ali m'malo mwake, kungoti bondo lakumanzere likumandilankhulitsa ndikamakhala pansi. Uwapemphe amayi akuwerengere kalatayi pang'onopang'ono, ndipo pamene pali mawu osavuta uziwerenga wekha.

Ndiyambe ndi mlandu, poti ndakulakwira. Ukukumbukira njinga yamoto ya waya imene unandipangira pa holide ija? Ndinalonjeza kuti ndipita nayo ku mapiri ndipo ndibwera nayo yathunthu. Kupita ndinapita nayo ndithu, nditaimangirira pamwamba pa chikwama. Koma yabwerako yolumala. Waya wautali woyendetsera uja palibe, teyala lakumbuyo palibenso. Usafulumire kufufuma masaya, yamba wamva mmene zinakhalira.

Tinalipo anthu 4: ine, aphunzitsi aatali aja anakupatsa switi ku ukwati, mnzanga wina wa ku Rumphi wodziwa njira zonse ndi Chitumbuka chomwe, ndi mnzanga makaniko amene zikhadabo zake sizinayerepo chibadwire. Njinga zathu zamoto si zikuluzikulu zija amayendera alendo ochokera kunja. N'zonga za akabaza zomwe umaziona pa Dyeratu. Aliyense anamanga kumbuyo bulangete, jekete, ndi kachigubu ka petulo. Makaniko ananyamulanso pampu, machubu ndi masipanala, koma anaiwala chinthu chimodzi. Uchidziwa posachedwa.

Tsiku loyamba linayamba mofewa, pa tala. Tinadutsa pa Ekwendeni ndi pa Phwezi, n'kutsetsereka phiri la Chiweta mpaka nyanja inatulukira patsogolo pathu, yaikulu ngati thambo lagwa pansi. Pa Chitimba tinadya kondowole ndi usipa. Kondowole ndi nsima ya chinangwa, yonanda, imakakamira zala. Iwe ukanaikana, ndikukudziwa.

Titasamba m'manja tinayang'ana kumwamba. Kumeneko n'kumene kuli Livingstonia, ndipo msewu wokwera kuchokera pa Chitimba amautcha Gorodi. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 15 basi, koma uli ndi makona 20 okhota ngati chigongono. Ukudziwa mmene umachitira nseru mu minibasi pokwera ku Thabwa popita ku Blantyre? Ujatu ndi msewu wa tala, wotakata. Gorodi ndi wafumbi ndi miyala yoyendayenda, mbali ina khoma la phiri, mbali ina phompho. Pamenepo njinga imayenda pa giya yoyamba, ikulira ngati mwana wa mbuzi. Usanakhote umaliza hutala, chifukwa kuseri kwa kona kukhoza kutulukira galimoto ya matola yodzaza anthu ndi matumba. Ndipo pali lamulo lina: maso aziyang'ana kumene ukufuna kupita. Ukayang'anitsitsa mwala, njinga imalunjika pa mwala womwewo ngati wauitana.

Malume ako anaiwala lamulo limeneli. Ndinkawerenga makona pansipansi m'chipewa changa, ndipo nditafika pa 11 ndinaona chimwala pakati pa njira. Ndinachiyang'ana. Nachonso chinandiyang'ana. Ndinafinya buleki yakutsogolo, chinthu chosayenera pa miyala yotayirira, teyala n'kuterereka, ine khu! pansi. Sindinapweteke kwambiri poti ndinali pang'onopang'ono, ndiponso ndinavala chipewa, magolovesi ndi nsapato zazitali. Aphunzitsi anayamba afunsa ngati ndili bwino, kenaka n'kuseka mpaka kukhala pansi.

Titaidzutsa njinga tinapeza kuti bawuti yogwira ekizosi yathothoka, yagwera kuphompho. Ekizosi inali lendelende. Makaniko anapisa m'chikwama, napisanso, n'kukanda m'mutu. Waya, chinthu chimene makaniko aliyense sayenda osanyamula, anausiya pa windo kunyumba. Tonse tinangoti zii. Kenaka ndinaona maso ake akupita pa chikwama changa, pamene panali njinga yako. Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinayang'ana dzuwa, ndinaona kuti lapendeka, ndipo ndinamasula waya woyendetsera uja ndi manja anga. Anaukulunga katatu, naupotokola ndi pulayala. Mpaka lero ekizosi ikugwiridwa ndi waya wako.

Tisanafike pamwamba tinaima pa mathithi a Manchewe. Madzi ake amagwa kuchokera pamtunda woposa mamita 100, ndipo ukasuzumira miyendo imachita madzi. Kuseri kwa madziwo kuli phanga limene anthu a mtundu wa Aphoka ankabisalamo kale adani akabwera. Tinalowamo chowerama. Mkati muli chinyezi ndi phokoso loti mnzako akamalankhula umangoona pakamwa pakuyenda.

Livingstonia ndi kamudzi kabata ka nyumba za njerwa zofiira, kali ndi tchalitchi chachikulu, chipatala ndi yunivesite. Anakayambitsa ndi Dr Robert Laws wa ku Scotland mu 1894. Amishoniwo anayamba akhala m'mphepete mwa nyanja, ku Cape Maclear kenaka ku Bandawe, koma malungo ankawatha, ndiye anathawira kumtunda kozizira. Nyumba yake yamiyala, Stone House, ilipobe. Pa kapinga wa pafupi ndi nyumbayo pali chinthu chimene ukanachikonda. Mu 1959, dziko litavuta, boma la atsamunda linatumiza ndege kudzaponya uthenga wofunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kuwachotsapo. Iwo anayankha poyala zilembo zikuluzikulu pa kapinga kuti wa mu ndege awerenge ali m'mwamba: Ephesians 2:14. Ameneyo ndi Aefeso. Uwauze amayi akutsegulire Baibulo uone chimene anthuwo ankatanthauza.

Tsiku lachiwiri tinadzera m'mapiri a Phoka, m'minda ya khofi, n'kutsikira pa Njakwa pamene mtsinje wa South Rukuru umadzipanikiza pakati pa mapiri. Pa Rumphi tinadzaza matanki ndi zigubu, chifukwa ku Nyika kulibe pomwetsera. Titadutsa Bolero, kwa a Chikulamayembe, fumbi linatilandira. Msewu unali ndi timizere ngati lata la padenga, mano ankangogundana okha. Ana m'njira ankatikuwira kuti "Monire!" Kumeneko ndiye moni wake. Ukafuna kuthokoza umati "Yewo." Uyeserere, ndidzakufunsa.

Tinalowa pa chipata cha Thazima, cholowera ku paki ya Nyika, dzuwa litapendeka kale, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Chelinda, kumene kumagona alendo, ndi makilomita ngati 60. Poyamba ndi nkhalango, kenaka mitengo imangotha mwadzidzidzi. Kumatsala mapiri a udzu okhaokha, osalala, otsatizana mpaka kumene maso amalekezera. Pena msewu umayenda m'malire enieni, mnzathu wa ku Rumphi n'kutiuza kuti dzanja lamanzere ndi Zambia, lamanja ndi Malawi. Ndinatambasula mwendo kuti nanenso ndizinena kuti ndinapondako kunja.

Teyala la aphunzitsi linaphwa pamalo opanda nyumba ngakhale imodzi. Pamene tinkamaliza kusintha chubu, nkhungu inali itatikuta ndipo mdima unagwa. Tinagwirizana kuti tiyende mondondozana, aliyense aziona kanyali kofiira ka mnzake, kakasowa onse aime. Tinayenda choncho ngati abakha, zala zitauma ndi kuzizira. Pena nyali yanga inaunika maso ambirimbiri m'mbali mwa msewu, mtima wanga n'kudumpha. Zinali mbidzi. Zinangotiyang'ana ngati zikufunsa kuti anthu akuluakulu ngati amenewa akufunanji kuno usiku.

Za kuzizira kwa ku Chelinda sindikudziwa ngati mwana wa ku Chikwawa angazimvetse. Tinagona pafupi ndi moto titavala majekete. M'mawa udzu wonse unali mbuu ngati wina wawazapo ufa woyera, ndipo chishalo cha njinga chinali ndi timadzi toundana. Ndinakanda ndi chala n'kulembapo dzina lako. Njinga zinakana kulira mpaka dzuwa litaziwomba.

Tsiku limenelo sitinapite kutali. Tinazungulira pang'onopang'ono, injini zikungonong'ona kuti tisaopseze nyama. Tinaona mbidzi zambiri, mphoyo, ntchefu zazikulu kuposa ng'ombe za agogo ako, ndi chilembwe, nyama ya makutu aatali ndi nkhope yonga yapakidwa utoto wakuda ndi woyera. Mkango umene unandituma sindinauone, ndipo kunena zoona sindinaufunefune. Akambuku aliko, koma amabisala. Tinakafika pa kanyanja kotchedwa Kaulime, ndipo chapatali tinaona Nganda, nsonga yaitali kuposa zonse za ku Nyika, yopitirira mamita 2,600. Ku Chelinda kulinso nkhalango ya paini imene anaidzala kale, imaoneka ngati chigamba chakuda pa nsalu yobiriwira. Ine sinandisangalatse kwenikweni. Udzu uja ndi umene unanditenga mtima.

Tsopano za teyala lako. Tsiku lachinayi, tikutsika kubwerera ku Thazima, njinga ya mnzathu wa ku Rumphi inangolira mokweza koma osayenda. Tcheni chinali chitagwa m'fumbi ngati njoka yakufa. Tcheni chimalumikizidwa ndi kachitsulo kakang'ono, ndipo kachitsuloko kamatsekedwa ndi kaloko kochepa ngati chikhadabo chako. Kachitsulo tinakapeza, kaloko ayi. Tinakwawa m'msewu anthu akuluakulu anayi, kusefa fumbi ndi zala, osakaona. Foni sizinkagwira. Chiyambire m'mawa tinali tisanakumane ndi galimoto ngakhale imodzi.

Makaniko anati pakufunika waya woonda koma wolimba. Ulendo uno sanayang'ane n'komwe chikwama changa, anachita manyazi. Ndinapita ndekha. Waya umene unakulungira teyala lakumbuyo unali woyenera ndendende, ndipo unaukulunga mothinana kwambiri moti ndinavutika kuumasula. Makaniko anaugwira n'kufunsa kuti anapanga ndi ndani. Nditamuuza zaka zako sanakhulupirire. Anamanga kachitsulo kaja, ndipo tinayenda pang'onopang'ono, tikuima pafupipafupi kuti aone ngati wayayo akugwirabe. Anagwira mpaka pa Rumphi, pamene tinagula kaloko katsopano.

Ndiye mlandu wanga ndi umenewo. Njinga yako ili pano pa tebulo, yatsamira kapu, ili ndi teyala limodzi ndi fumbi lofiira la ku Nyika. Fumbilo sindipukuta, udzalione wekha. Anzanga atatu aja akuti nawonso ali mu mlanduwu ndipo asonkha: aphunzitsi agula waya wa mkuwa, wa ku Rumphi wapereka chubu chakale choti udzadule malamba a mateyala, ndipo makaniko akuti akubwereka pulayala yake yaing'ono, koma udzabweze. Ndidzabwera nazo sukulu ikatsekera.

Pajatu unandipempha kuti ndidzakukweze. Ndidzakukweza pabwalo la mpira pokha, utavala chipewa chokukwana, ndipo amayi ako akavomera. Ndikawapempha ndine, iwe usayambe kuwavutitsa lero.

Undiyankhe, ngakhale mizere itatu, undiuze chilango chimene wandigamula. Upereke moni kwa agogo, uwauze kuti mafuta opaka pa bondo aja ndikuwafuna.

Ndine malume ako