Za Black Sabbath, musaiwale zala za Tony Iommi

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhepo pa zimene zakhala zikulembedwa chimwalirireni Ozzy Osbourne, woimba wa gulu la nyimbo za rock la Black Sabbath, pa 22 July 2025. Ambiri akungobwereza za mleme umene anauluma pa siteji, ndi zoti gulu la Black Sabbath linali lausatana. Za mmene gululo linayambira, zii.

Anyamata anayiwa, Ozzy, Tony Iommi, Geezer Butler ndi Bill Ward, anakulira ku Aston, dera la mafakitale mumzinda wa Birmingham ku England. Makolo awo anali anthu wamba odalira malipiro a pafakitale ndi timalonda. Ozzy anagwirapo ntchito kophera ng'ombe, ndipo anakalowako kundende chifukwa chothyola sitolo. Anayamba kuimba limodzi mu 1968, nthawi imeneyo akuimba blues. Dzina lawo lakale loti Earth analisiya mu 1969 atamva kuti pali gulu lina lodziwika ndi dzina lomwelo. Latsopanoli analitenga ku filimu yoopsa, ataona kuti anthu amalipira ndalama zawo kuti akaopsezedwe. Usatana umene anthu akunenawu unayambira pomwepo, pa nzeru za malonda.

Koma amene ndikufuna owerenga amudziwe ndi Iommi. Ali ndi zaka 17, pa tsiku lake lomaliza pantchito ku fakitale ya zitsulo, makina anamudula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja. Iyeyu ndi wamanzere, kutanthauza kuti dzanja lovulalalo ndi limene limakanikiza nsambo za gitala. Anataya mtima. Kapitawo wake ndiye anamumvetsera chimbale cha Django Reinhardt, katswiri amene ankakanikiza nsambo ndi zala ziwiri zokha atapsa ndi moto. Iommi anasungunula botolo lapulasitiki, naumba tizisoti tovala kuzalako, n'kumatapo kachikopa kuti tisamaterereke. Nsambo anaika zopyapyala, za banjo, chifukwa zokhuthala zinkamupweteka, ndipo pambuyo pake anayamba kuzimasulako kuti zifewe. Kulira kolemera kwa gitala yake, kumene magulu ambirimbiri akhala akukopera mpaka lero, mbali ina kunachokera ku chilema.

Chimbale chawo choyamba anachijambula tsiku limodzi lokha, mu October 1969, ku London. Tsiku limodzi! Zinatheka chifukwa anali ataimba nyimbozo usiku ndi usiku m'mabala a ku England ndi ku Hamburg, mpaka zinali m'magazi. Oimba athu amene amatha miyezi mu situdiyo koma sanaimepo pamaso pa anthu ndi bandi aganizirepo. Chimbalecho chinatuluka Lachisanu pa 13 February 1970. Olemba nkhani za nyimbo anachinyoza, koma achinyamata anachigula mpaka chinafika pa nambala 8 ku Britain. Mu September chaka chomwecho anatulutsa Paranoid, chimene chinafika pa nambala 1.

Phokoso limeneli silinathere ku Ulaya. Ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, magulu a Zamrock monga WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi ankaliza magitala olemera chimodzimodzi, ndipo Paul Ngozi nyimbo zina ankaimba m'Chinyanja. Mukadzalembanso za Black Sabbath, akonzi, mudzatumeko mtolankhani ku Lusaka akafunse madala amene ankavina nyimbo zimenezi.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre