Kalata kwa Makolo: Potseka Teremu Yoyamba

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Landirani moni. Teremu yatha bwino ndipo mwana aliyense wanyamula lipoti lake. Mukaliwerenge naye limodzi, mukasaine, adzabwere nalo tsiku lotsegulira.

Pali nkhani imodzi imene ndikufuna mundithandize. Teremu ino ana a Fomu 3 akhala akulimbirana mabuku a nthano zopekedwa kuchokera ku mbiri yakale, makamaka za nthawi ya John Chilembwe. Zandikondweretsa kwambiri, chifukwa ngakhale ana amene laibulale ankangoidutsa tsopano akumapezekamo. Koma pochonga mayeso, aphunzitsi apeza kuti ena alemba mawu amene akuti Chilembwe anauza mkazi wake usiku womaliza, ngati umboni. Mawuwo anapeka ndi mlembi, ndipo pa MSCE sadzawapatsa malikisi.

Zotsimikizika zilipo zambiri. Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg, nabwerako mu 1900 kudzakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Chakumapeto kwa 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anathira nkhondo ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, napha William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo. Pa 3 Febuluwale Chilembwe nayenso anaphedwa cha ku Mulanje. Zimene zinkayenda mumtima mwake masiku amenewo, mlembi wa nthano amazilingalira yekha, ndipo ndi ntchito yake kutero.

Chonde musawalande mabukuwa. Buku la m'kalasi limangoti thangata inali ntchito yolipirira malo. Nthano imamuonetsa mwana mayi akusiya munda wake m'dzinja, udzu ukumera, kukalimira mwini esiteti. Mwana wowerenga zimenezi samaiwalanso chimene chinawawa anthu. Chofunika n'chakuti azidziwa pamene mbiri yathera ndi pamene mlembi wayambira kuwonjezera zake.

Pempho langa ndi ili. Pa tchuthi pano, mwana akakufotokozerani zimene wawerenga, mufunseni kuti, “Zimenezi zalembedwanso pati?” Simukufunika kukhala katswiri wa mbiri kuti mufunse funso limeneli. Ndipo ngati kumudzi kuli agogo amene anaona nthawi ya Chitaganya, kapena kumangidwa kwa anthu pa 3 Malichi 1959, mwanayo akakhale nawo pansi, akalembe zimene anene. Akasiyanitse zimene agogowo anaona ndi maso awo ndi zimene anangomva kwa ena. Anthu amenewa akutha, choncho tisazengereze.

Zolembazo adzapereke kwa aphunzitsi awo sabata yoyamba. Zina tidzaziwerenga pamaso pa sukulu yonse tikamayandikira Tsiku la Chilembwe, pa 15 Januwale, ndipo makolo amene mungathe kubwera mudzalandiridwa ndi manja awiri.

Ndikufunirani Khirisimasi ndi chaka chatsopano zabwino.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu