Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya babashopu

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno tilipo, kungoti mwendo uja sunaleke kundivuta usiku. Mlongo wako anabwera Lamulungu ndipo ndi amene wandiuza, usakamukalipire, ndinachita kumupanikiza. Akuti wapeza kachipinda ku Area 25 chakufupi ndi msika wa Nsungwi, ukufuna kutsegula babashopu. Zimenezo ndinasangalala nazo. Chimene chandisowetsa tulo ndi chakuti ndalama zina mukufuna kukatenga kwa wakatapila, iwe ndi mnzako uja.

Kumeta sindikukuletsa ayi. Dzanja uli nalo kuyambira kale. Bambo ako mpaka anasiya kupita kwa wometa wa pa tredingi chifukwa cha iwe, ankakhala pampando pansi pa mtengo wa mango uja n'kumadzitama kwa aliyense wodutsa. Tsitsi silisiya kumera, ntchito imeneyo siidzatha. Koma kudziwa kumeta ndi kwina, kudziwa kusunga ndalama ya m'shopu ndi kwinanso, ndipo iwe ndalama siikhalitsa m'thumba mwako. Ndine mayi ako, ndikudziwa.

Kodi wakhala pansi n'kulemba zonse zofunika? Eni nyumba ambiri a m'tauni amafuna renti ya miyezi itatu usanalowe n'komwe. Mashini ometera safunika amodzi, chifukwa akatentha kapena kufa munthu ali pampando mutu theka, udzatani? Ndipo pali a Wahl enieni ndi ena ongolembedwa dzinalo, amene amazula tsitsi m'malo modula. Ukagula otchipawo udzagula kawiri. Kenako galasi lalikulu, mpando, benchi ya odikira, nsalu zofunditsa makasitomala, mataulo, zipeso, bulashi, malezala, sipiriti, mafuta a mashini, penti ndi wolemba chikwangwani. Chiphaso cha kukhonsolo usachiiwale, angadzakutsekere chitseko. Zambiri mwa zimenezi zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene unamva chaka chatha si umene ukapeze m'sitolo lero. Pita ukafunse wekha, usamvere za mnzakoyo.

Ndiye pali magetsi. Waiwala mmene tinavutikira mu 2022 namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira? Ometa ankangokhala pakhomo tsiku lonse manja ali m'thumba, mwini nyumba akudikira yake. Mayunitsi a ESCOM ugula, inde, koma ukufunikanso mashini otchaja, kapena batire ndi inveta, kapena kasola padenga. Imeneyo ndi ndalama inanso. Ubwino wake ukakhala nazo umatchajanso mafoni a anthu n'kupezapo ya ndiwo.

Tsopano tiwerenge monga ndimawerengera tomato wanga. Tinene kuti mutu umodzi ukumeta K1,000 ndipo renti ndi K40,000. Ndiye kuti mitu 40 yoyambirira mwezi uliwonse ndi ya mwini nyumba, iwe sunadyepo kanthu. Ina ya magetsi, ina ya sipiriti ndi malezala, ina ya nsima yako masana. Zotsalazo mugawane awiri. Nanga wakatapila adya pati? Amene ndimawadziwa ine ukatenga K100,000 amafuna K150,000 mwezi ukatha, ukalephera chiwongoladzanja chimaberekanso china. Mitu 50 ya chiwongoladzanja chokha, mwana wanga! Ndipo usaganize kuti anthu adzadzaza tsiku loyamba. Munthu sasintha womumeta mwachisawawa, amayamba waona mitu ya anzake. Lachisanu ndi Loweruka kumakhala anthu, sukulu zikamatsegulira ana amabwera kudzameta mpala, pa Khirisimasi ndiye osanena. Koma Lachiwiri m'mawa udzakhala ukuthamangitsa ntchentche. Januwale ndi Febuluwale, ufa ukavuta m'nyumba, anthu amametana okha pakhonde. Wakatapila sadziwa Febuluwale. Adzabwera kudzanyamula mashini ndi galasi lomwe, anthu akuonerera.

Za mnzakoyo ndinena ngakhale ukwiye. Si yemwe uja anabwereka njinga ya malume ako n'kubwera nayo yopanda tcheni, nkhani zili mbwee? Ine ndinamudyetsa nsima m'nyumba muno kangapo, sindimuda. Koma ndalama ya m'babashopu ilibe lisiti. Iwe ukapita kukagula mayunitsi, iye n'kumeta anthu atatu, udzadziwa bwanji? Ndipo ngongoleyo akuti ilembedwa m'dzina lako chifukwa iwe ndi amene umadziwika malo okhala. Taganiza bwino pamenepo. Zikadzavuta iye adzakwera basi ya ku Joni, iwe n'kutsala ndi anthu pakhomo.

Chinanso, babashopu imaitana anyamata osowa chochita. Adzadzaza benchi kukangana za Bullets ndi Wanderers, wina ndimete ndidzakupatsa mawa, wina tigulireko kamodzi. Bambo wolemekezeka akasuzumira n'kumva fungo la mowa sabweranso, ndipo mayi sangabweretse mwana wake pamalo otero. Iwe ndi wamanyazi, kukana kumakuvuta, unatengera bambo ako. Phunzira kukana. Ngakhale msuweni wako alipire.

Ukhondo usauchepetse. Lezala limodzi munthu mmodzi, ulitsegule iye akuona. Mashini uzipukuta ndi sipiriti ukatha mutu uliwonse, osati sipiriti wothira madzi. Mwana mmodzi akangotenga chipere kwa iwe, dera lonse limva dzuwa lisanalowe.

Mtima wanga ukuti chonchi. Usatenge katapila. Ndabwerezanso, usatenge. Kachipindako kasiye kaye ngati ndalama zako sizikukwana, upemphe pakhonde la sitolo ya munthu kapena umange kakanyumba ka malata, uyambe ndi mpando umodzi ndi mashini awiri abwino, wekha. Mbuzi ziwiri zija ndigulitsa, ndipo ku banki m'khonde kwathu ndingathe kukutengerako pang'ono, chiwongoladzanja chake n'chopiririka ndipo amayi anzanga sangabwere kudzakuchititsa manyazi. Koma udzabweza, chifukwa dzina limene lili m'buku ndi langa. Ugule kope, mutu uliwonse uzilemba, madzulo ndalama ya renti uziyiika ku Airtel Money kapena Mpamba isanagone m'thumba. Ikagona m'thumba mwako ndikudziwa kumene imapita.

Ngati mwasainirana kale ndi wakatapilayo undiuze zoona, usandibisire monga unachitira ndi nkhani ya foni ija. Tiona chochita ndi malume ako zisanakule. Undiimbire Loweruka madzulo, ndikhala nditatchajitsa foni. Ufa ndi nyemba ndikutumizira ndi mlongo wako akamabwerera, thumba lake ubweze.

Ndine,
Mayi ako